Chilimira cha ku Mbenji ndi Nthumwi za m'Kompyuta

Chilimira si khoka loti munthu mmodzi n'kuponya yekha. Pamafunika boti ndi mabwato, pamafunika amuna okwana ngati 10, ndipo aliyense mwa iwo ayenera kudziŵa ntchito yake pamodzi ndi nthaŵi yoichitira. Omvera amene anakulira kunyanja zimenezi amazidziŵa kuyambira ali ana. Chimene ambiri sangachiganizire n'chakuti funso limene mwini chilimira amaliyankha pagombe chaka ndi chaka, loti anthu osiyana maluso angasanduke bwanji gulu limodzi, lasautsa akatswiri a makompyuta kwa zaka zoposa 40. Nkhani ya lero ikunena za ntchito ya akatswiri amenewo, ndipo iyendera limodzi ndi asodzi a pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira a m'boma la Salima, osati a ku Mangochi aja.

Poyamba pafunika kumvana za mawu. Mapulogalamu ambiri a pakompyuta ali ngati khasu: amalima pokhapokha ali m'manja mwa munthu, ndipo akatulidwa amangogona pomwepo. Koma ulipo mtundu wina wa pulogalamu umene umapatsidwa cholinga, n'kusiyidwa kuti uziona wokha zimene zikuchitika ndi kusankha chochita. Pa Chingerezi pulogalamu yotere amaitcha agent. M'nkhani ino idzatchedwa nthumwi, pakuti imachita zinthu m'malo mwa amene anaituma, mwiniwakeyo palibe. Nthumwi zotere ndizo zimayendetsa timaloboti tonyamula katundu m'nyumba zosungiramo malonda za kampani ya Amazon, imene inagula kampani yopanga timalobotito, Kiva Systems, mu 2012. Zina zimagula ndi kugulitsa masheya m'misika ya ndalama mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Nthumwi imodzi imaona mbali yochepa chabe ya zinthu, ndipo mphamvu zake nazonso zili ndi malire. Ntchito ikaikulira, iyenera kufunafuna zinzake.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sananame. Koma mwambiwo sunena amene aitane anthu, amene aime kutsogolo, kapena chimene ena achite mmodzi akaponda minga denga lili pamutu. Michael Wooldridge ndi Nicholas Jennings, akatswiri a ku Britain, analemba mu 1994, n'kudzawonjezera mu 1999, kuti kugwirizana kumayamba pamene nthumwi imodzi yazindikira kuti cholinga chake sichingatheke ili yokha, ndiponso kuti zilipo zina zimene zingathandize. Zikatero gulu limasonkhanitsidwa, limamvana za njira, kenako limayamba ntchito. Kuzilemba papepala n'kosavuta. Kuzikhazikitsa m'makina ndiko kunadya zaka.

Njira yakale yosonkhanitsira gulu, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero, anaifalitsa Reid Smith mu 1980, atatsiriza maphunziro ake pa yunivesite ya Stanford ku America, ndipo anaitcha Contract Net. Nthumwi imene ili ndi ntchito yoikulira imalengeza kwa zinzake kuti pali ntchito yakuti, ifunika luso lakuti, ndipo mayankho afike isanakwane nthaŵi yakuti. Zimene zili ndi lusolo ndiponso zili ndi mpata zimayankha, iliyonse kunena zimene ingathe, pamene zotanganidwa zimangokhala chete. Yolengeza ija imayerekeza mayankho, n'kupereka ntchito kwa imene yaikhutiritsa. Chokoma pa njira imeneyi n'chakuti palibe bwana wamuyaya. Imene yalandira ntchito ikhoza kuiduladula, nayonso n'kulengeza zidutswazo kwa zina, kotero kuti kapitao wa m'maŵa amapezeka ali waganyu madzulo.

Mwini chilimira amene akukonzekera kuwolokera ku Mbenji kuchokera pagombe la Chikombe amachita zofanana, ngakhale alibe waya kapena magetsi. Amafuna woyendetsa injini, amafuna okoka zingwe amphamvu, ndipo koposa onse amafuna munthu wodziŵa pamene utaka umasonkhana, pa miyala ya pansi pa madzi imene asodzi amaitcha chirundu, ndi kumene mweza ukuloŵera tsiku limenelo. Komabe iye sayesa munthu aliyense wopezeka pagombe. Amayamba ndi amene anagwira nawo chaka chatha, abale ake, ndi amene mbiri ya ntchito yawo anaimva. Wina angati kumeneku n'kukondera, ndipo nthaŵi zina n'kukonderadi, koma masamu ali kumbali yake. Pa anthu 10 pangatuluke magulu osiyanasiyana 1,023. Pa anthu 20 maguluwo amapitirira 1 miliyoni, ndipo pa anthu 30 amapitirira 1 biliyoni. Chiŵerengero chikamakwera chotere, ngakhale kompyuta yothamanga imafika potopa. N'chifukwa chake Onn Shehory ndi Sarit Kraus a ku Israel, pofotokoza mu 1998 mmene nthumwi zingapangire magulu popanda wozilamula, anaika malire pa kukula kwa gulu, nakhutira ndi yankho loyandikira labwino koposa. Gulu lopezeka nsomba zitapita lilibe ntchito.

Tsono kusonkhanitsa anthu si kupanga gulu ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Philip Cohen ndi Hector Levesque anasiyanitsa zinthu ziŵirizi mu 1991 pogwiritsa ntchito chitsanzo cha galimoto, chimene chingamveke motere. Galimoto zoyenda pamsewu wa M5 kuchoka ku Salima kupita ku Nkhotakota zimaloŵera kumodzi, zimapatsana mpata, zimapeŵana bwinobwino, koma imodzi ikafa panjira zinazo zimangoilambalala. Limenelo ndi khamu chabe. Mdipiti wa galimoto zoperekeza maliro ndi wina. Dalaivala wakutsogolo akaona kuti mlatho wakokoloka, sakhotera njira ina yekha n'kusiya anzake akubwera. Amaima, n'kuonetsetsa kuti mpaka galimoto yotsiriza yamva. Kuchokera pamenepa akatswiri aŵiriwo anatulutsa lamulo lakuti nthumwi imene yaloŵa m'gulu, ikazindikira payokha kuti cholinga chatheka, kapena kuti sichingathekenso, kapena kuti chilibenso phindu, ilibe ufulu wongoleka. Imatsala ndi ngongole yodziŵitsa zinzake, kufikira zonse zitadziŵa, ndipo iliyonse itadziŵa kuti zinazo nazonso zadziŵa.

Lamulo limeneli limamveka ngati nzeru ya mwana aliyense woleredwa bwino, mpaka munthu ataona zimene zimachitika likasoŵa. Milind Tambe, amene panthaŵiyo anali pa University of Southern California, ankapanga nthumwi zoyendetsa mahelikopita m'nkhondo yoyerekezera ya pakompyuta, yophunzitsira asilikali, ndipo mu 1997 analemba poyera zolakwika zimene anaona. Ulendo wina gulu la mahelikopita linaima pamalo odikirira, imodzi n'kutsogola kukazonda. Yozondayo inawomba phiri, ndipo zotsalazo zinangodikira uthenga wake mpaka kalekale, popeza panalibe imene inkadziŵa chochita mzondi akapanda kulankhula. Ulendo wina nkhondo itatha mosayembekezeka, mtsogoleri wa gululo anatembenuka nabwerera kumalo ochokera yekhayekha, kusiya anzake kumalo omenyera nkhondo. Nthumwi zonsezi kuulutsa ndege zinkakudziŵa bwino lomwe. Chimene zinalibe ndicho kudziŵa kuti kusoŵa kwa mnzawo ndi nkhani yawo.

Poyamba opangawo ankamata bowo lililonse ndi kalamulo kakekake, koma mabowo sankatha, pakuti palibe munthu angaganiziretu ngozi zonse. Tambe anasintha njira. Anapatsa nthumwi iliyonse chidziŵitso cha mmene gulu limagwirira ntchito, chimene anachitcha STEAM: kuyang'anira ngati ntchito za anzawo zikuyenda, kuika wina pamalo pa amene wagwa ngati ntchito yake ili yofunika, ndi kudziŵitsana zinthu zikasintha. Anawonjezeranso chinthu china chanzeru, kuti nthumwi iziyeza kaye mtengo wa kulankhula, popeza kunkhondo uthenga wa pawailesi ukhoza kumvedwa ndi mdani, n'kuuyerekeza ndi kuwonongeka kumene kungabwere ikakhala chete. Chidziŵitso chomwecho anachigwiritsanso ntchito pa nthumwi zoseŵera mpira wa pakompyuta, pa mpikisano wa RoboCup umene unayamba ku Nagoya ku Japan chaka chomwecho cha 1997.

Msodzi atamva za mahelikopita amenewo akhoza kuseka, chifukwa kunyanja phunziro limeneli analilipira kale, nthaŵi zina ndi miyoyo. M'madera ambiri a nyanja ya Malaŵi kumene amaŵedza usipa usiku, siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali, patali pang'ono ndi anzake, akuyang'ana nsomba zikusonkhana m'kuŵala. Zimene iye akuona enawo sakuziona. Ndiye amanena kuti nthaŵi yoponya yakwana, ndipo ndiyenso ayenera kunena ngati nsomba zabalalika. Atati angopalasa bwato mwakachetechete kupita kwina poona kuti pano palibe kanthu, anzake angaponye khoka pamadzi opanda nsomba, n'kuwononga mafuta ndi mphamvu za usiku wonse. Pokoka nazo zili chimodzimodzi, pakuti mbali ziŵiri za chilimira zili m'manja mwa anthu okhala m'ngalaŵa zosiyana, ndipo mbali imodzi ikalefuka osanena, khoka limayasama, nsomba n'kuthaŵa. Amene wayamba kuona kuti mwera ukudza sasunga zimenezo mumtima. Komanso siginala wabwino sakuwa pa chilichonse chimene waona, pakuti wokuwakuwa anzake amaleka kumumvera.

Za kugaŵana phindu zingapitidwe mwachidule. Lloyd Shapley, katswiri wa masamu amene anadzalandira mphotho ya Nobel mu 2012, anaonetsa mu 1953 njira yoŵerengera gawo loyenera aliyense m'gulu, poyeza zimene gulu limapindula iye akaloŵamo. Opanga nthumwi amaigwiritsa ntchito kuti nthumwi yofunika isathaŵire gulu lina. Pagombe, ndalama za mafuta zikachotsedwa, mwini zida amatenga gawo lake, ogwira ntchito lawo, ndipo siginala kaŵirikaŵiri amalandira lokulirapo. Chifukwa chake n'chomwecho: akanyanyala, maŵa adzakhala m'bwato la wina.

Zonse zanenedwazi zikukhudza gulu limodzi, ndipo zikhoza kuoneka pagombe lililonse kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi. Mbenji ali ndi china chake, chimene chikukhudza magulu ambiri oŵedza pamadzi amodzi. Gulu lililonse likhoza kukhala logwirizana bwino mkati mwake, koma magulu onsewo pamodzi n'kumaliza nsomba. Ndipotu kugwirizana kwabwino kwa gulu lililonse ndiko kumafulumizitsa kutha kwake. Kuyambira m'ma 1950, usodzi wa pa Mbenji wakhala pansi pa ulamuliro wa Mfumu Makanjira ndi komiti ya asodzi. Chilumbacho chimatsekedwa mu Disembala, nyengo ya mvula ndi mphezi, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo mu Epulo. M'miyezi imeneyo palibe wololedwa kukhalapo kapena kuŵedza m'madzi ozungulira. Nyengo yotsegula nayo ili ndi malamulo ake: moŵa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi saloledwa kufikapo, ndipo zida zina zowononga nsomba sizivomerezedwa. Wolakwa amalipitsidwa chindapusa kapena kuchotsedwa pachilumba. Lamulo loletsa akazi lili ndi olitsutsa, ndipo mawu awo ngomveka, popeza akazi ndiwo ambiri mwa ogula ndi oyanika nsomba m'magombe. Koma za kutseka nyanja zipatso zake zikuoneka: ofufuza a ku Mzuzu University ndi a ku University of Strathclyde ya ku Scotland, poyerekeza utaka wa pa Mbenji ndi wa m'madzi oyandikana nawo, anapeza kuti wa pa Mbenji ndi wokulirapo.

Nanga nthumwi za m'kompyuta zikasiyidwa pa chuma chimodzi zimatani? Funso limeneli analiyesa akatswiri a kampani ya DeepMind ku London mu 2017. Anapanga munda woyerekezera wa maapulo, momwe apulo watsopano amaphuka msanga ngati pafupi pake patsala maapulo ena, koma malo akakololedwa onse saphukanso kanthu. Nthumwi zinkalandira mphotho pa apulo aliyense, ndipo zinasiyidwa kuti ziphunzire zokha mwa kuyesa. Nthumwi imodzi ili yokha m'munda inaphunzira kusiyako mbewu. Zitaikidwa zambiri, poyamba munda unkakhala bwino chifukwa zinali zisanadziŵe kukolola. Zitangochenjera, zinayamba kulimbirana ndipo zinkausesa wonse nthaŵi isanathe. Zinthu zinayambanso kukhalako bwino pamene nthumwizo zinaphunzira kugwiritsa ntchito chida chimene zinapatsidwa chochotsera inzake m'munda kwa kanthaŵi, pakuti okolola atachepa maapulo anapeza mpata wophuka. M'minda imene inali ndi makoma, nthumwi yokhoza kutseka khomo inkasamala gawo lakelo n'kulemera, zinzake zikusauka. Munda unapulumuka, inde, koma mwa ndewu ndi tsankho.

Garrett Hardin analemba mu 1968 kuti chuma cha anthu onse mathero ake ndi kuwonongeka, ndipo kwa zaka zambiri maboma ankakhulupirira kuti mankhwala ake ndi aŵiri okha, boma kulanda ulamuliro kapena chumacho kukhala cha munthu mmodzi. Elinor Ostrom anatsutsa zimenezi m'buku lake la mu 1990, atasonkhanitsa mbiri za asodzi, alimi othirira ndi oŵeta a m'maiko ambiri amene anasunga chuma chawo kwa mibadwo, ndipo mu 2009 anakhala mkazi woyamba kulandira mphotho ya Nobel pa zachuma. Iye anaona kuti kumene zinthu zimayenda, malire a malo ndi a anthu ololedwa amadziŵika bwino, malamulo amagwirizana ndi malowo, owatsata amakhala ndi mawu powakonza, oyang'anira amachokera pakati pawo, zilango zimayamba zazing'ono n'kumakula, ndipo boma limalemekeza ufulu wawo wodzilamulira. Munthu woŵerenga zimenezi akudziŵa za Mbenji angaganize kuti mayiyo ankalemba ali pa Chikombe. M'dziko muno boma linafika pa maganizo ofanana chambo chitatha m'nyanja ya Malombe: ntchito yoyang'anira usodzi pamodzi ndi anthu a m'midzi inayamba kumeneko mu 1993, ndipo lamulo la usodzi la mu 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'magombe azitengapo mbali mwalamulo. Pa Mbenji anali atayamba kale zaka ngati 40 m'mbuyomo.

Maganizo a Ostrom analoŵanso m'makompyuta. Mu 2012 Jeremy Pitt wa ku Imperial College London ndi anzake analemba mfundo zake m'chinenero chimene makina angatsate, n'kuzipatsa nthumwi zogaŵana chuma chimodzi. Nthumwizo zinkavota pa malamulo, zina zinkapatsidwa udindo woyang'anira, ndipo yolakwa inkalangidwa pang'ono poyamba isanachotsedwe. Magulu amene anali ndi mfundo zimenezi anakhalitsa, ndipo chuma chawo sichinathe msanga monga cha magulu opanda mfundozo. Kunena kwina, akatswiri anapangira makina komiti ya pagombe.

Kufanizira kumeneku kuli ndi polekezera, ndipo n'kwabwino kupanena. Asodzi a pa Mbenji samvera lamulo chifukwa cha chindapusa chokha. Chilumbacho chimalemekezedwa monga malo a mizimu ya makolo, mfumu ili ndi ulemu umene sunachokere m'buku la malamulo, ndipo munthu wogwidwa akuba nsomba nyengo yotseka amachita manyazi pamaso pa anthu amene adzakumana nawo pamaliro ndi paukwati. Nthumwi ya m'kompyuta ilibe manyazi, ilibe apongozi, ndipo siopa mphezi. Chimene chingaigwire ndi chokhacho chimene chinalembedwa m'kati mwake, kapena chilango chimene zinzake zingathe kuipatsa.

Nkhaniyi yakula m'zaka zaposachedwa, chifukwa nthumwi zatsopano, zomangidwa pa mapulogalamu odziŵa kulemba ndi kuyankha m'chinenero cha anthu, zayamba kutumidwa kukagula katundu, kukonza maulendo ndi kulemba mapulogalamu ena, ndipo zimakumana pa intaneti ndi nthumwi za eni ake ena. Mu Epulo 2025 kampani ya Google inatulutsa malamulo a kalankhulidwe otchedwa Agent2Agent, ndipo mu Juni chaka chomwecho inawapereka m'manja mwa bungwe la Linux Foundation. M'malamulo amenewo nthumwi iliyonse imakhala ndi khadi lonena dzina lake, maluso ake ndi kumene ingapezeke, kuti ina yofuna thandizo iŵerenge n'kuipatsa ntchito. Ameneŵa ndi maganizo a Reid Smith aja atavala malaya atsopano, ndipo amathandiza pa kupezana ndi kupatsana ntchito. Za amene angatseke nyengo pakati pa nthumwi za makampani opikisana, khadilo silinenapo kanthu.

Ngakhale chilango chochotsa wolakwa, chimene pa Mbenji n'champhamvu kuposa zonse, chimafooka chikafika pa intaneti. Msodzi wothamangitsidwa pachilumba nkhope yake imadziŵika pa Chikombe, boti lake limadziŵika, ndipo sangabwererenso maŵa atasintha dzina. Nthumwi yochotsedwa ikhoza kubadwanso nthaŵi yomweyo ndi dzina lina, kapena ndi maina 1,000, n'kudzivotera yokha pa msonkhano wa zinzake. John Douceur wa ku Microsoft Research anaonetsa mu 2002 kuti chinyengo chimenechi n'chovuta kwambiri kuchitsekereza pokhapokha patakhala wina wodalirika kwa onse, wosunga kaundula ndi wotsimikiza kuti dzina lililonse lili ndi mwini wake mmodzi. Pa Mbenji ntchito yozindikira amene waloŵa ndi amene wachotsedwa ili m'manja mwa mfumu ndi komiti yake.